Dzina Limene Ndinapatsa Timu ya ku Zobue

Kale timu ya mpira sinkadzipatsa yokha dzina. Dzina lolembetsa ku boma linalipo, lalitali, la Chipwitikizi, koma palibe ankalitchula. Dzina lenileni linkachokera kwa adani. Ochemerera a mbali inayo ankakuyang'anani kathamangidwe, kavalidwe, ngakhale zimene mumadya kwanu, kenako mmodzi n'kuponya mawu, ng'oma n'kuwalandira. Mukapsa mtima ndiye kuti dzinalo lamera mizu. Ine ndinali mmodzi wa oponya mawuwo, ndipo pali dzina limodzi limene ndinaponya limene landisowetsa mtendere mpaka lero.

Ndinafika ku Moatize migodi ya malasha itangoyamba kukopa anthu. Ndinali nditadutsa zaka makumi asanu, mkazi wanga atamwalira, munda wa ku Zobue nditausiyira mlongo wanga. Ndinapeza ntchito ya ugwarda, kulondera mapaipi ndi zitsulo pa yadi ina cha ku Chipanga, n'kupeza kachipinda mu bairu ya 25 de Setembro, limodzi la madera a m'tauniyo. Chinyungwe ndinkachimva koma ndikachiyankhula anthu ankaseka. Ankanditchula Mmalawi, ngakhale ndinabadwira mbali ino ya malire ndipo ku Malawi ndinangothawirako nkhondo ngati ena onse. Ndinkadya ndekha, kuchapa ndekha, ndipo tsiku limene sindinali pa ntchito linkatha osamva munthu akunditchula.

Lamlungu ndinkapita ku bwalo la mpira, chifukwa kumeneko munthu ukhoza kuima pakati pa anthu popanda wokufunsa kuti ndiwe wa ndani. Timu ya bairu yathu nthawi imeneyo inkatchedwa Ambuzi. Analipereka ndi a ku Chipanga, chifukwa mbuzi zinkadutsa m'bwalo mpira uli mkati ndipo wapagolo ankasiya golo n'kumathamangitsa za amayi ake. Patapita kanthawi theka la osewera linalembedwa ntchito ku mgodi, n'kumabwera ku bwalo pa njinga zamoto, zipewa zolimba za kuntchito zikulendewera pa chiwongolero. Adani anasiya za mbuzi, anayamba kuti Akapasete, kutanthauza a zipewa zolimbazo. Limeneli anyamata athu analikonda, motero silinakhalitse. Dzina lokoma kwa mwini wake silinkachedwa kufa.

Tsiku lina woimba ng'oma wa timu ya bairu yathuyo sanabwere. Ndinaitola. Ng'oma ndinaiphunzira ndili mwana, ndipo pa msasa wa othawa nkhondo ndinkapeka nyimbo za kwaya. Anandilola kuimba, koma ndikamaliza ankalanda ng'oma yawo n'kupita ku baraka kukamwa osanditenga.

Timu ya kwathu ku Zobue inali ndi dzina lake lakale, Achikasu. Ambiri mwa osewera anali ana obadwira ku msasa, oleredwa ndi ufa wachikasu wa chithandizo. Akanyozedwa nalo ankangoseka n'kumati, “Inde, ufa womwewo ndi umene watipatsa miyendo iyi.” Wapagolo wawo anali mwana wanga wa ubatizo. Bambo ake ndi ine tinathawa tsiku limodzi, tinamanga zisakasa moyandikana, ndipo mwanayo atabadwa ndine ndinamunyamula m'tchalitchi. Kuyambira pamenepo ine ndi bambo akewo tinkaitanana kumpadre, mwanayo n'kumanditi padirinyu.

Mwanayo anali ndi khunyu. Linamuyamba ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Sankagwa kawirikawiri, mwina kawiri pa chaka, ndipo banjalo linabisa nkhaniyi mwamphamvu. Anthu ankakhulupirira kuti ukakhudza thovu la wakhunyu nawenso umatenga, choncho wodziwika kuti ali nalo ankadya m'mbale yakeyake. Kunja kwa banja ndinkadziwa ndine ndekha, chifukwa tsiku loyamba limene anagwa ndine ndinathamanga naye kupita ku chipatala cha pa msasa.

Achikasu anabwera kudzasewera ku Moatize mwezi wa Okutobala, kutentha kuja kumene ngakhale agalu amakana kudzuka. Anafika pa lole ya mwini chigayo. Kumpadre wanga anatsika ndi kathumba ka nyemba n'kundifunafuna m'gulu.

“Kumpadre! Mwanenepa ndi malasha kapena ndi fumbi latupitsa?”

“Ndi njala yatupitsa. Kwanu kuli bwanji?”

“Kwanu? Mwayamba kunena kuti kwanu? Ndiye ng'omayo muimbira ndani lero?”

“Amene andipatsa.”

Anaseka n'kundimenya pa phewa. Anandiuza kuti mwana wathu wapeza mbeta, akuchikazi avomera, ndiponso waitanidwa kukayezedwa m'thupi kuti ayambe ntchito yoyendetsa makina. Mwanayo anabwera atavala kale magolovesi, mnyamata wamtali wa zaka makumi awiri ndi zitatu, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri. Anati, “Padirinyu, musatinyoze kwambiri, dzuwa latinyoza kale.”

Chigawo choyamba anagwira mipira itatu imene aliyense ankati yalowa. A mbali yathu anayamba kukwiya. Chigawo chachiwiri chitangoyamba, mpira uli kutali ku golo yathu, iye anagwa. Panalibe munthu pafupi naye. Anauma, kenako miyendo inayamba kupalasa fumbi. Osewera a mbali zonse anathamangira komweko.

Munthu amene anaima pambali panga anati, “Dzuwa lamugwetsa. Anthu a kumapiri awa sadziwa kutentha.”

Ine ndinati, “Si dzuwa. Ndi khunyu. Ndimamudziwa kuyambira ali khanda.”

Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chake ndinanena. Sindinkamuda mwanayo. Sindinaledzere. Chimene ndikukumbukira n'chakuti mitu yonse inatembenukira kwa ine, anthu amene kwa chaka chathunthu sanandifunsepo kanthu, ndipo wina anati, “Mukuti bwanji, madala?” Anati madala, sanati Mmalawi. Manja anga anapita pa ng'oma. Ndinaimba kuti, musawamenye, musawakankhe, a ku Zobue agwa okha. Kachiwiri gulu lonse linali likuimba.

Mawu akuti khunyu anafika m'bwalo nyimbo isanathe. Ndinaona osewera amene anawerama kuti amuthandize akudzuka n'kubwerera m'mbuyo, ena akupukuta manja pa makabudula. Panatsala kumpadre wanga yekha. Anagwada, anamugoneka mwana wake cham'mbali, anavula malaya n'kumuikira kumutu. Kenako anadzutsa maso kuyang'ana kumene kunkachokera ng'oma. Ndinapitiriza kuimba, chifukwa ndikanasiya ndikanayenera kumuyang'ana.

Tsiku limenelo ananditenga ku baraka. Anandipatsa mpando. Nyemba zija ndinazisiya pansi pa mtengo ku bwalo, sindinabwerere kukazitenga.

Dzina lakuti Agwa Okha linakwera mashapa, minibasi zathu zija, n'kufika kulikonse kumene kunali bwalo. La Achikasu linafa m'mlungu umodzi. Timu ya ku Zobue inapsa mtima, inamenyana ndi anthu kawiri konse chifukwa cha dzinali, ndipo potero inalithirira. Zotsatira ndinkazimva kwa madalaivala. Anzake a mwanayo anakana kumwera naye kapu imodzi pa ndowa ya timu. Anaika wapagolo wina. Akuchikazi anabweza mawu. Kokayezedwa kuja sanapiteko, anati palibe chifukwa chokawonongera ulendo.

Mwambo womwewo unali ndi khomo lotulukira. Wopereka dzina akanatha kulipha. Ankayenera kupita ku bwalo la eni dzinalo, wopanda ng'oma, kuima pamaso pa anthu n'kunena kuti, dzina lija ndinapereka ndine, ndalimeza. Akatero, woliimbanso ankaonedwa ngati wakuba. Ndinkadziwa zimenezi bwinobwino. Ndinkati ndipita Lamlungu likudzali, likadza n'kuti likubweralo. Ku Moatize ndinali nditakhala munthu. Ankandisungira malo pa benchi, ankandiitana ku maukwati kuti ndikaimbe.

Mayina anapitiriza kusintha. Timu ya bairu yathu inagula mayunifomu oyera, koma akawachapa n'kuwayanika ankawanula ali otuwa, ndiye adani anati Afumbi. Ntchito zitayamba kuchepa, anyamata n'kumadzuka m'mamawa kukaima pa zipata za migodi ndi mapepala awo ofunsira ntchito, linabwera lakuti Apageti. Limeneli linawawa kwambiri ndipo linakhala zaka. Timu ina ya ku Chipanga inatha anthu ake atasamutsidwa, dzina lake la Anjerwa n'kutsala lopanda mwini, chifukwa oumba njerwa amene ankaisewerera anamwazikana. Ya ku Zobue inakhala Agwa Okha mpaka osewera onse a nthawi ija atakalamba, kenako anthu anayamba kuitchula Amalole, poti bwalo lawo lili pafupi ndi pamene malole amafola kudikira pa malire. Pambuyo pake mwambo wonse unazilala. Achinyamata anayamba kudzisankhira okha mayina a matimu a pa wailesi yakanema, n'kumawalemba m'mafoni. Woimba ng'oma analowedwa m'malo ndi zokuzira mawu.

Kumpadre wanga anamwalira m'kati mwa zaka zimenezo. Mlongo wanga anatumiza uthenga. Ndinayankha kuti akuluakulu a pa ntchito andikaniza. Sindinawapemphe n'komwe.

Ntchito ya ugwarda itatha, anzanga a pa benchi anali atabalalika, ena kubwerera kwawo, ena kumanda. Ndinabwerera mmene ndinalili pofika, munthu wodya yekha. Masana ankatalika. Ndi chifukwa chake ndinalowa eskola, sukulu ya akuluakulu, imene inkakumana m'kalasi ya ana masana, ine ndi amayi asanu ndi anayi ogulitsa pa msika. Ndinali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi pamene ndinalemba dzina langa koyamba popanda kudinda chala. Profesora, mphunzitsi wathu, anatiuza kuti aliyense alembe m'kaderno, buku lolembamo, zinthu zimene amazidziwa bwino kuposa anzake. Amayi aja analemba mitundu ya nsomba zouma ndi mayina a zidzukulu. Ine ndinalemba mayina a matimu, lililonse ndi amene analipereka ndi chifukwa chake. Anadzaza masamba khumi ndi awiri. Pa timu ya ku Zobue ndinalemba Achikasu, ndinadumpha mzere, n'kulemba Amalole.

Profesora anauza anthu za kaderno imeneyi, ndipo mbiri yake ndi imene inabweretsa mlendo chaka chatha. Anali mwini sitolo wa ku Zobue, Msilamu wa ndevu zoyamba imvi, amene mkulu wake ali ndi sitolo kuno. Anakana mpando, anakhala pa mwala wa pakhomo, anavula kofiya n'kupukuta thukuta.

“Madala, inu mumakhala bwanji mu uvuni muno?”

“Tinapsa kale, tatsala makala.”

Anaseka. Anandiuza kuti akufuna kugulira timu ya kwawo mayunifomu, ndipo anawauza anyamata kuti sagula ngati kumbuyo kulembedwe dzina la timu ya kunja kwa nyanja. Afune dzina la makolo awo. Anyamatawo anafunsafunsa n'kusankha.

“Asankha Agwa Okha. Akuti akale aja ankayamba amwa kachasu asanalowe m'bwalo, ndiye ankangodzigwera. Ine mowa sindigwirizana nawo, koma dzinali likuseketsa. Akuti linali ndi nyimbo yake. Muli nayo m'bukumo?”

Ndinamufunsa kuti anabwera liti ku Zobue, anati zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Ndinamupempha kuti asapite kokalembetsa mayunifomuwo mpaka Lamlungu litadutsa. Sanafunse chifukwa, anangoti, “Chabwino. Nsalu siwola.”

Lachisanu ndinakwera shapa. Msewu umenewo ndinali ndisanaudutse zaka zambiri. Titayamba kukwera mapiri mphepo inasintha, anthu anatseka mawindo, ine ndinasiya langa lotsegula mpaka mayi wina anandikalipira. Mlongo wanga anandilandira ngati mlendo wa tchalitchi, mwaulemu wopanda mafunso. Ndiye anandiuza kumene ndingamupeze mwana wanga wa ubatizo.

Ali ndi kashedi komatira matayala m'mbali mwa mzere wa malole. Ndinamupeza akumenya tayala lalikulu ndi nyundo kuti lichoke pa chitsulo. Anali atanenepa, tsitsi litayamba kuthothoka, ndipo dzanja lamanzere linali ndi chipsera cha moto kuyambira pa chigongono mpaka pa zala. Ndinaima mpaka anatopa n'kuika nyundo pansi.

“Odi.”

“Fikani. Tayala lili kuti?”

“Ndine padirinyu wako.”

“Ndakudziwani. Ndafunsa chifukwa pano pamabwera a matayala.”

Ndinakhala pa tayala lakutha osauzidwa. Mawu amene ndinakonza m'shapa anathawa onse, ndiye ndinayamba ndi nkhani ya mayunifomu. Anati akuidziwa. Anyamata amadutsa pomwepo popita ku bwalo akuyeserera kuimba, mawu sakuwadziwa bwino koma kaimbidwe n'komweko. Anati akawamva amalowa kuseri kukayang'ana mpweya wa makina.

Ndinamufunsa za thanzi. Anati amalandira mapiritsi ku chipatala, papita zaka zinayi asanagwe. Anakwatira mayi wamasiye wa ku Angonia, ndipo anamuuza mayiyo zonse tsiku loyamba kuti asadzamve kwa oimba.

“Ukufuna ndichite chiyani?” ndinatero.

“Ine? Mwakhala zaka zonsezi kudikira kuti ndikuuzeni ine?” Anatola nyundo, anaiyang'ana, anaiikanso pansi. “Abambo ankapita ku bwalo Lamlungu lililonse, chaka chathunthu. Mpira sankauonera. Ankayang'ana ku msewu. Ankati kumpadre abwera adzalimeze, ndimawadziwa ine, angochita manyazi. Amayi ankawauza kuti mukungotha nsapato.”

Dalaivala wina anafika kudzafunsa za tayala lake, anakangana pang'ono za chigamba, anapita. Kenako ndinanena kuti ndipita ku bwalo Lamlungu.

“Pitani. Koma mukanena chiyani? Theka la anthu a pano ndi obwera, sadziwa kuti ndimagwa. Madalaivala awa amadya nane. Mukufuna mukawauzenso kachiwiri?”

Zimenezo sindinaziganize. Zaka zonse ndinkaona ngati chovuta ndi kuima pamaso pa anthu. Tsopano ndinaona kuti ndikanena zoona zonse kuti ndidziyeretse, ndimugwetsanso iye. Ndikangoti ndalimeza osafotokoza, achinyamata osadziwa mwambo aseka n'kulilemba ndithu. Loweruka lonse ndinakhala kuseri kwa nyumba ya mlongo wanga ndikulemba ndi kufufuta pa tsamba lomaliza la kaderno.

Lamlungu anthu sanali ambiri. Mwini sitolo uja analankhula ndi wa zokuzira mawu, ndipo pa nthawi yopuma anandipatsa maikolofoni. Inkalira ngati mwana wa nkhumba. Wina anakuwa kuti, “Agogo aimba!” Anthu anaombera m'manja.

Ndinawerenga zimene ndinalemba, pang'onopang'ono, monga ndimawerengera. Ndinati dzina la Agwa Okha ndinapereka ndine, pa bwalo la ku Moatize. Ndinati nkhani ya kachasu ndi yabodza, osewera aja sankamwa. Ndinati ndinalipeka ponyoza munthu amene anadwala m'bwalo, munthu amene ankandikhulupirira, ndipo linamulanda zambiri. Ndinati mwa mwambo wa akale ndalimeza, ndipo woliimbanso akuimba chinthu chakuba.

“Anali ndani? Mutchuleni!”

“Sinditchula.”

“Ndiye tidziwa bwanji kuti si nthano?”

“Madala ayamba okha kachasuyo!”

Kunali kuseka. Wa zokuzira mawu anabwezeretsa nyimbo ndisanamubwezere maikolofoni. Ndikutuluka ndinaona amuna awiri achikulire pansi pa mtengo wa bulugamu, osewera a nthawi ija. Mmodzi anagwedeza mutu pang'ono. Winayo anayang'ana kumbali, ndipo ndinakumbukira kuti ndi mmodzi wa amene anapukuta manja pa kabudula. Mwana wanga wa ubatizo sanabwere.

Mwini sitolo anandiperekeza mpaka pa msewu. Anati, “Sindikufunsani kuti ndi ndani. Kumbuyo kukhala manambala okha. Akafuna dzina akasewere mpaka adani awapatse.” Anachitadi zimenezo. Ndamva kuti alipo anyamata awiri atatu amene amaliimbabe akafuna kuvuta, koma silinalembedwe pa nsalu ndipo gulu sililandira.

Lolemba m'mawa, ndisanakwere shapa, ndinadutsa pa kashedi. Anali akumwa tiyi m'kapu ya pulasitiki.

“Ndamva munalankhula.”

“Eya.”

“Ndamva anakusekani.”

“Anandiseka.”

Anamwa tiyi wake. Sanandipatse, komanso sanatembenuke kundisiya. Patapita nthawi anati manda a bambo ake akadali a dothi, ndipo iye ndi alongo ake agwirizana kuti amange chiliza mvula ikatha.

“Pafunika wonyamula mchenga. Ndidzakuuzani tsiku.”

Ndinang'amba kapepala m'kaderno n'kulembapo nambala ya foni yanga. Anakayang'ana, anafunsa ngati ndalemba ndekha, ndinati inde. Anakapinda n'kukaika m'thumba la ovolosi, limene linali ndi mafuta akuda m'mphepete.

Mvula inatha miyezi iwiri yapitayo. Ku Zobue akolola kale. Foni ndimaisunga yodzaza moto, ndipo popita kukasamba ndimaiika pa njerwa pafupi ndi khomo la bafa. Mlongo wanga akuti a kwa kumpadre simenti sanagule, koma iye sapita mbali imeneyo kawirikawiri ndipo mwina sakudziwa. Nthawi zina ndimaganiza zongonyamuka ndi fosholo yanga. Koma mwanayo anati adzandiuza tsiku, ndipo ndinalankhulapo kale pa zake asanandilole. Ndidikira.